Mwaitanidwa ku nyumba ya sushi ku Tokyo: zimene mudzapeze pa kauntala

Funso: Ndine mayi wophunzitsa pa sukulu ina ya ukachenjede, ndipo mwezi wa Novembala ndikupita ku Tokyo ku maphunziro a masabata asanu ndi limodzi. A pulofesa amene adzatilandire andilembera kuti madzulo ena adzanditengera ku lesitilanti ya sushi ku Ginza, dera lina la ku Tokyo komweko, ya mipando isanu ndi itatu yokha, ndipo andifunsa ngati pali chimene sindidya. Nsomba yaiwisi sindinailawepo, timitengo todyera sinditha kugwira, ndipo ndikuopa kuwachititsa manyazi. Kodi ndikane mwaulemu? Ngati ndipite, ndiyembekezere chiyani?

Yankho: Mayi, musakane, ndipo kalata ya a pulofesawo muiyankhe sabata yomwe ino. Mpando pa malo otere ku Ginza supezeka mwangozi. Iwo ayenera kuti anasungitsa malowo mwezi umodzi kapena iwiri pasadakhale, mwinanso anaika dzina lawo patsogolo monga kasitomala wakale, chifukwa nyumba zina za mtundu umenewu sizilandira mlendo amene sanaperekezedwe ndi munthu wodziwika kwa eni ake. Funso limene akufunsani si la mwambo chabe. Wophika amagula nsomba powerengera mitu ya anthu amene adzakhale pa mipando ija, ndipo zina amayamba kuzikonza masiku angapo m'mbuyo, kotero ngati nkhanu ndi zamoyo za m'zigoba zimakutulutsani zidzolo, kapena ngati chipembedzo chanu sichilola zam'madzi zopanda mamba, kapenanso msuzi umene munathiridwa mowa pophika, nenani tsopano, osati mutakhala kale pansi. Mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Mantha anu akuchokera pa chithunzi chimene ambiri tili nacho, chakuti sushi ndi nsomba yaiwisi yoikidwa pa mpunga wozizira. Ndiyambe ndi kuchotsa chithunzi chimenecho, chifukwa chikachoka, malamulo onse a pamalopo amamveka okha popanda kuwaloweza. Sushi inayamba monga njira yosungira nsomba. Kalekale anthu ankaithira mchere, kuikwirira mu mpunga wophika, n'kuisiya miyezi yambiri mpaka mpungawo usase. Mtundu umenewo, wotchedwa narezushi, sunathe: m'mbali mwa nyanja ya Biwa, m'chigawo cha Shiga, amapangabe funazushi, ya fungo lamphamvu loti mlendo amayamba wazengereza. Patapita nthawi anthu anayamba kuthira viniga mu mpunga kuti kuwawasa kubwere tsiku lomwelo. Sushi youmba ndi manja, nigiri, imene mudzadye inuyo, inabadwira mu mzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo, cha m'ma 1820, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri pa chiyambi chake ndi la Hanaya Yohei, yemwe ankagulitsira ku Ryogoku, dera lina la mzindawo. Chinali chakudya cha anthu ofulumira, chogulidwa pa timisasa ta m'mbali mwa msewu n'kudya chiimire, ndipo mbamu zake zinali zazikulu kuposa za masiku ano.

Nthawi imeneyo kunalibe firiji. Nsomba yogwidwa pa gombe la kutsogolo kwa Edo, kumene kunachokera dzina lakuti Edomae, inkayenera kugwiridwa ntchito isanavunde: ina kuithira mchere ndi kuiviika mu viniga, ina kuinyika mu msuzi wa soya, ina kuiwiritsa, ina kuifunga pakati pa masamba a kombu, ndere zazikulu za m'nyanja ya mchere, kuti ziyamwe madzi ndi kusiyamo kukoma kwake. A ku Japan amatchula zonsezi ndi mawu amodzi, shigoto, kutanthauza ntchito. Firiji inabwera, koma nyumba zapamwamba sizinasiye ntchitoyi, chifukwa zinaona kuti ndi mmene muli kukoma. Choncho pa mbamu khumi ndi zisanu kapena makumi awiri zimene mudzapatsidwe, zochepa chabe ndi zimene zangodulidwa n'kuikidwa pa mpunga. Zambiri zadutsa m'manja, mu mchere, pa moto kapena m'masiku odikira.

Chitsanzo chimene ndimakonda ndi kohada. Ndi kansomba kotsika mtengo pa msika, kosaposa chikhatho kutalika, ka khungu lasiliva la madontho akuda, ndipo ukakadya kakali kakawisi sikakoma konse. Mmisiri amakatumbula, kuchotsa minga, kukayala pa lichero, kukawaza mchere, kudikira, kutsuka, kukaviika mu viniga, kenako n'kukasiya kagone tsiku limodzi kapena masiku angapo. Mphindi za mu mchere ndi za mu viniga sizilembedwa paliponse, chifukwa zimasintha malinga ndi kukula kwa nsombayo, kunona kwake, ndi kutentha kwa tsikulo. Akamakupatsani amayamba walemba mizere ndi mpeni pakhungu paja, ndipo mbamuyo imafika patsogolo panu ikunyezimira waliwali ngati yapukutidwa. Mukaiika m'kamwa mumayamba kumva kuwawasa, kenako mchere, ndipo pomaliza mafuta a nsombayo amatulukira pansi pa zonsezo. Anthu odziwa sushi amayesa luso la nyumba ndi kohada, osati ndi nsomba zodula, pakuti tuna yabwino aliyense wa ndalama angaigule, koma kohada yabwino sigulidwa. M'chilimwe cha kumeneko, cha mu Julayi, kumabwera ana ake otchedwa shinko, ang'onoang'ono ngati usipa, ndipo pa mbamu imodzi amasanjapo angapo. Inu mudzapeza kohada ya m'nyengo yophukira kuzizira, yomwe imakhala itanona.

Komabe mukafunsa amisiri okha, ambiri adzakuuzani kuti mwini sushi ndi mpunga, umene iwo amautcha shari. Ndi mpunga wa maso aafupi, womata pang'ono, wosiyana kwambiri ndi Kilombero wathu wa maso aatali ndi fungo lake, ndipo ambiri amakonda wa chaka chatha kuposa watsopano chifukwa umamwa viniga bwino osapota. Ukapsa amaukhuthulira mu beseni lalikulu la thabwa, kuthiramo viniga ndi mchere, ena ndi shuga pang'ono, n'kuusakaniza modula ndi chipande kuti maso ake asaphwanyike. Mukaona mpunga wofiirira musaganize kuti wapserera. Ndi viniga wofiira, akazu, wopangidwa kuchokera ku masese a mowa wa sake, yemwe kampani ya Mizkan, yoyambira ku Handa mu 1804, inkatumiza pa zombo ku Edo, ndipo nyumba zambiri zapamwamba zabwerera kwa iye masiku ano. Mpungawu suzizira. Umasungidwa pa kutentha kofanana ndi kwa khungu la munthu, ndipo m'nyumba zina wothandizira amabweretsa watsopano kangapo pa chakudya chimodzi. Pouumba, mmisiri amaufinya kunja kokha n'kusiya mpweya mkati, kuti mbamu igwirane pakati pa zala koma imwazike ikangokhudza lilime. Pali mawu akale a ntchitoyi akuti kuphika mpunga n'zaka zitatu, kuumba n'zaka zisanu ndi zitatu. Masiku ano ena amaphunzira mofulumira m'masukulu, koma m'nyumba ya mtundu umene mukupitawu, mnyamata amene adzakupatseni tiyi ayenera kuti watha kale zaka akutsuka, akupala mamba ndi kuyang'ana manja a bwana wake.

Tsopano lingalirani za mbamu imeneyo: mpunga wofunda wa mpweya mkati, nsomba yomwe yatulutsidwa m'bokosi pa nthawi yake kuti isakhale yozizira kwambiri, ndi msuzi wopakidwa pamwamba. Moyo wake ndi wa timphindi towerengeka. Ikakhala pa mbale, mpunga umazizira ndi kutitimira, nsomba imauma pamwamba, ndipo ngati pali nori, tsamba lakuda louma la ndere, limanyowa n'kukhala ngati nsanza. Lamulo lalikulu kuposa onse likuchokera pamenepa, ndipo ndi lakuti mbamu ikaikidwa patsogolo panu, muidye nthawi yomweyo.

Ine phunziroli ndinaliphunzira pa anago, nsomba yaitali ya m'nyanja ya mchere yofanana ndi mkunga, imene amaiwiritsa mpaka kufewa n'kuipaka msuzi wotsekemera wotchedwa tsume. Unali ulendo wanga woyamba pa kauntala yotere, ndipo ndinali pakati pofotokozera mnzanga amene anandiitana nkhani ya kwathu. Mbamu inaikidwa, ine ndinapitiriza kulankhula monga timachitira pa mkeka, pomwe nkhani ndi nsima zimayendera limodzi. Mmisiri sananene kanthu. Anangoima manja ali pa thabwa, osayamba kuumba yotsatira, mpaka mnzangayo anandikhudza pa chigongono. Ndinaidya itazizira, ndipo inali yabwino ndithu. Kumapeto, atafunsa ngati pali imene tikufuna kubwereza, ndinapempha anago yomweyo, ndipo ulendo uno ndinaitola isanathe kupuma nthunzi. Inasungunuka ndisanatafune n'komwe. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene ndinataya poyamba paja, komanso chifukwa chimene munthu uja anaimira phee: anali atagwira ntchito pa nsombayo kuyambira m'bandakucha, ndipo gawo lotsiriza la ntchitoyo linali m'manja mwanga.

Za timitengo todyera musade nazo nkhawa. Nigiri imadyedwa ndi manja, ndipo kutero si umbuli koma njira yakale yeniyeni. Apa ife odya nsima tili ndi mwayi. Mudzapatsidwa kathaulo konyowa kofunda, oshibori, kopukutira m'manja pofika, ndipo m'nyumba zambiri pambali pa mbale yanu padzakhala kansalu kena kopinda kopukutira nsonga za zala pakati pa mbamu ndi mbamu. Gwirani mbamuyo mofatsa m'mbali ndi chala chachikulu ndi chapakati, cha mkombaphala chili pamwamba, n'kuiponya m'kamwa yonse kamodzi. Koma zizolowezi ziwiri za pa nsima muzisiye pakhomo. Choyamba, musaikande kapena kuifinya m'manja, chifukwa mukatero mwaupha mpweya uja. Chachiwiri, musafune posunsa. M'nyumba zapamwamba mmisiri amapaka yekha msuzi wa soya wotchedwa nikiri ndi kaburashi, kapena kuwaza mchere ndi kadontho ka zipatso zowawasa monga sudachi, ndipo mbamu imafika itakwana kale. Kupempha msuzi wina kuli ngati kuthira mchere m'ndiwo za apongozi musanalawe. Musailume pakati n'kubwezera theka pa mbale, ndiponso musachotse nsomba pa mpunga. Ngati mbamu zikukukulirani, pemphani kudzera mwa a pulofesa kuti mpunga auchepetse. Pempho limeneli ndi lozolowereka, ndipo amisiri ambiri amaona okha kukula kwa kamwa ndi liwiro la mlendo n'kusintha osauzidwa. Timitengo mudzatifuna pa tizakudya toyambirira ndi pa jinja, ndipo pamenepo palibe amene adzakuwerengereni zolakwa.

Malo ake enieni akhoza kukudabwitsani ndi kuchepa kwake. Zambiri mwa nyumbazi zili m'zipinda za pansi pa nthaka kapena pa nsanjika ya nyumba wamba ya maofesi, ndipo chizindikiro chake ndi kansalu kolendewera pa khomo, noren, ndi kachikwangwani kakang'ono. Mkati mulibe nyimbo zaphokoso ndiponso mulibe fungo la nsomba. Chimene chimakopa maso ndi kauntala, yomwe kawirikawiri ndi thabwa limodzi lalitali la mtengo wa hinoki, loyera mbee, losapakidwa vanishi, limene amalikwecha tsiku ndi tsiku. Thabwa limeneli ndi lofewa ndipo mtengo wake ndi wa mamiliyoni a ma yen, n'chifukwa chake foni, makiyi ndi kachikwama siziikidwa pamenepo, ndipo amene avala wotchi yachitsulo kapena zibangili amayamba wavula kuti asalikande. Pafyumu musadzole konse tsiku limenelo, ngakhale mafuta odzola a fungo lamphamvu. M'chipinda cha anthu asanu ndi atatu fungo la munthu mmodzi limakwirira fungo la viniga ndi la nsomba kwa onse, ndipo pali nyumba zimene zimalemberatu kuti wodzola zotere sadzalowa. Zovala zikhale zaulemu basi, monga zopita nazo ku msonkhano. Mufike mphindi zisanu nthawi isanakwane, chifukwa m'malo ambiri alendo onse amayambira pamodzi ndipo pambuyo pawo pamabwera gulu lachiwiri. Chithunzi cha chakudya mungajambule mutapempha, mwachangu, popanda kuwala kwa kamera ndi popanda nkhope za alendo ena.

Mndandanda wa zakudya simudzauona. Kadyedwe kake ndi omakase, mawu otanthauza kuti ndasiya m'manja mwanu. Nyumba zambiri zimayamba ndi tizakudya tating'ono totchedwa otsumami, monga kachidutswa ka nsomba yowotcha, octopus, nyama ya m'nyanja ya manja asanu ndi atatu, yowiritsa mpaka kufewa, kapena dzira lophikidwa ndi nthunzi m'kakapu, kenako mbamu zimabwera imodziimodzi. Kawirikawiri amayamba ndi nsomba zoyera za kukoma kofatsa monga hirame, ndi ika, m'bale wake wa octopus wotchedwa squid pa Chingerezi, yomwe amaidula mizere yambirimbiri kuti ifewe, kenako tuna, kohada, zam'zigoba, ebi, yomwe pa Chingerezi ndi prawn, yowiritsa ikali yofunda, mpaka kufika ku zonona ndi zotsekemera kumapeto. Si lamulo la mwala, ndipo mmisiri aliyense ali ndi kayendedwe kake. Pakati pa mbamu pali gari, jinja wodulidwa mopyapyala n'kuviikidwa mu viniga, amene ntchito yake ndi kutsuka m'kamwa, osati kusanjika pa nsomba. Popeza mukupita mu Novembala, yembekezerani nsomba ya saba yonona, yomwe pa Chingerezi ndi mackerel, ikura, yomwe ndi mazira ofiira a salmon a nyengo yomweyo, nsomba ya kawahagi yomwe amaiika pamodzi ndi chiwindi chake, ndipo mwina nsomba ya buri yoyambirira ya nyengo yozizira. Uni, zamkati zachikasu za kanyama kaminga ka pansi pa nyanja, kawirikawiri zochokera ku Hokkaido, zikhoza kubwera zitazunguliridwa ndi nori ngati kangalawa, kaumbidwe kotchedwa gunkan kamene kanayambira ku nyumba ya Kyubey ku Ginza komweko mu 1941. Salmon yaiwisi imene imadzaza m'masitolo a sushi a ku Johannesburg kapena London mwina simudzaiona, chifukwa si ya mwambo wa Edomae: inalowa m'kadyedwe ka a ku Japan posachedwa, dziko la Norway litaitsatsa kwambiri kuyambira m'ma 1980.

Tuna, maguro, ndi imene imadyera ndalama zambiri nyumba yotere, ndipo nthawi zambiri idzabwera mbamu zitatu zotsatizana: akami yofiira psuu yopanda mafuta, chutoro yonona pakatikati, ndi otoro ya kumimba yonona kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti m'masiku a Edo gawo lonona lija linkanyozedwa chifukwa linkavunda msanga, ndipo anthu ankafuna lofiira lonyikidwa mu msuzi wa soya, lotchedwa zuke. Lero zinatembenuka, koma ine ndikukupemphani kuti mutchere lilime pa akami, pakuti ndi mmene muli fungo lenileni la nsombayo ndi kakuwawasa kake kofatsa, pomwe otoro imakoma mofanana kwa aliyense ngati batala. Tuna yotchuka kwambiri ndi ya ku Oma, m'chigawo cha Aomori, yogwidwa mu mpata wa nyanja wa Tsugaru, ndipo nyengo yake yabwino imayamba cha nthawi yomwe mudzakhale kumeneko. Imadutsa pa msika wa Toyosu, umene unalowa m'malo mwa msika wakale wa Tsukiji mu Okutobala 2018. Pa malonda oyamba a chaka cha 2019 pa msikawu, Kiyoshi Kimura, mwini malesitilanti a Sushizanmai, anagula tuna imodzi ya makilogalamu 278 pa ma yen 333.6 miliyoni. Umenewo ndi mtengo wodzitchukitsira pa tsiku la mwambo, si wa masiku onse. Mmisiri wa kanyumba kakang'ono sapikisana nawo pa malonda otere. Ali ndi wamalonda wake wa tuna pa msikapo, amene akhala akugwirizana zaka zambiri, yemwe amamusungira chigawo chogwirizana ndi mpunga wake. Ndipo tuna imeneyo siidyedwa tsiku lomwe yagwidwa, koma imagonekedwa pozizira masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata, kuti mnofu ufewe ndi kukoma kukhwime.

Pa za chitetezo cha thupi lanu ndilankhule mosabisa. Nsomba zimenezi ndi za m'nyanja ya mchere, zambiri zimaphedwa mwa njira ya ikejime, yobaya ubongo ndi kukhetsa magazi nthawi yomweyo, ndipo zimayenda pa ayezi kuchokera m'bwato mpaka pa thabwa. Choopsa chodziwika ndi kanyongolotsi kotchedwa anisakis, kopezeka m'nsomba monga saba ndi ika, kamene kamapweteka m'mimba kwambiri. Viniga ndi wasabi, chokometsera chobiriwira chowawa chimene amaika pa sushi, sizikapha. Chimakapha ndi moto kapena kuumitsa nsomba pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola 24, ndipo amisiri amachotsa matumbo msanga ndi kuyang'anitsitsa mnofu uliwonse poudula. Ngozi siitheratu, koma pa nyumba yotere ndi yochepa. Ngati muli oyembekezera, kapena chitetezo cha m'thupi mwanu ndi chofooka pa chifukwa china, kambiranani ndi dokotala musananyamuke, ndipo a pulofesa akhoza kupempha kuti mupatsidwe zophika zokha. Chimodzi chokha ndikuchenjezeni: mukabwerako musadzayese kuchita zomwezi ndi chambo kapena kampango. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi tizilombo tokhazikika m'thupi la munthu, ndipo ziyenera kuphikidwa.

Wasabi amene mudzamuone si phala lobiriwira la m'machubu, lomwe nthawi zambiri limakhala muzu wina wowawa wotchedwa horseradish, wopaka mtundu. Ndi tsinde lenileni lomera m'madzi oyera oyenda a kumapiri, ku Shizuoka kapena ku Azumino m'chigawo cha Nagano, ndipo mmisiri amalipera pamaso panu pa kathabwa kokutidwa ndi chikopa cha shaki. Kuwawa kwake kumakwera m'mphuno n'kutha msanga, sikukhalitsa pa lilime ngati kambuzi. Amaika yekha pakati pa nsomba ndi mpunga, wambiri pa nsomba yonona, wochepa pa yofatsa. Ngati wakuchulukirani, nenani kumayambiriro ndipo adzachepetsa.

Pa zakumwa, mowa wozizira kapena sake ndi zimene ambiri amayambira, ndipo mwambo wake ndi kuthirira mnzako osati kudzithirira wekha. Ngati simumwa, tiyi wobiriwira wotentha kapena madzi ndi zokwanira, ndipo tiyiyo amachotsa mafuta m'kamwa bwino kuposa china chilichonse. Mukawerenga pa intaneti mudzapeza mawu monga agari, kutanthauza tiyi, murasaki, msuzi wa soya, ndi oaiso, bilu. Amenewa ndi mawu a antchito okhaokha, ndipo mlendo akawagwiritsa ntchito amamveka ngati akudzionetsera. Kwa inu mawu atatu akukwanira: itadakimasu musanayambe kudya, oishii desu pamene chinthu chakukomerani, ndi gochisosama deshita pomaliza. Mmisiri wamkulu mungamuitane kuti taisho. Musaope kufunsa dzina la nsomba ndi kumene yachokera, makamaka pamene manja ake apuma, chifukwa ambiri amakondwa nalo funsoli ndipo ena amatulutsa buku la zithunzi kukuonetsani nsombayo ili yamoyo.

Za ndalama, bilu simudzaigwira ndinu, koma ndi bwino mudziwe kulemera kwa mphatsoyo. Chakudya cha madzulo pa nyumba zotchuka za ku Ginza chimakhala cha ma yen 30,000 mpaka 50,000 pa munthu, zina kupitirira, zakumwa zisanawerengedwe, ndipo kulephera kubwera kapena kusintha mochedwa nthawi zambiri kumalipiritsidwa mtengo wonse. Ndalama yothokozera wantchito ku Japan kulibe, ndipo mukaisiya adzakuthamangirani nayo pa msewu. Musalimbane ndi a pulofesa pa kulipira. Chimene chimayamikiridwa kumeneko ndi kamphatso kochokera kwanu, monga paketi ya khofi wa ku Mzuzu kapena tiyi wa ku Thyolo, koperekedwa ndi manja awiri, ndi uthenga wothokoza m'mawa mwake. Dzina limene anthu akunja amalidziwa kwambiri ndi Sukiyabashi Jiro, ya Jiro Ono wobadwa mu 1925, ya mipando khumi pansi pa nyumba ina pafupi ndi siteshoni ya Ginza, kumene Shinzo Abe, nduna yaikulu ya Japan pa nthawiyo, anatengera Barack Obama, pulezidenti wa America pa nthawiyo, mu Epulo 2014. Buku la Michelin, limene limapereka nyenyezi kwa malesitilanti apamwamba, linaipatsa nyenyezi zitatu kuyambira kope loyamba la Tokyo la 2008, koma mu 2019 linaichotsa chifukwa inasiya kulandira anthu wamba ofuna kusungitsa malo. Musakhumudwe ngati nyumba yanu ilibe dzina lomveka chotero. Tokyo ili ndi amisiri ambiri a luso lalikulu amene alendo akunja sanawamvepo, ndipo malo amene munthu wa komweko amabwererako chaka ndi chaka ndi umboni woposa nyenyezi. Mukadzafuna kubwereza ndi ndalama zanu, pitani masana, pamene nyumba zambiri zimapereka mbamu zochepa pa mtengo wotsika kwambiri.

Nanga ikadzabwera mbamu imene mtima wanu waikana? Zikhoza kuchitika, makamaka pa uni kapena pa shirako, ubwamuna wa nsomba woyera wofewa umene umapezeka nyengo yozizira. Uphungu wanga ndi wakuti muyese kamodzi chilichonse chimene thupi lanu ndi chikhulupiriro chanu zikulola, chifukwa mbamu ndi yaing'ono ndipo tiyi ali pafupi. Koma ngati mwaona ikukonzedwera oyandikana nanu ndipo mukudziwa kuti simungathe, nong'onezani a pulofesa isanaumbidwe, ndipo adzakupatsani ina m'malo mwake. Chomwe chimapweteka mmisiri si kukana koma kuona mbamu youmbidwa kale itasiyidwa pa mbale. Chimodzimodzi mukayamba kukhuta, nenani msanga. Musadye chakudya cholemera masana a tsikulo, pakuti mbamu makumi awiri zimaoneka zochepa koma zimadzaza mimba.

Mudzadziwa kuti chakudya chikupita kumapeto mukaona anago, kenako sushi yokulunga mu nori, mwina ya tuna kapena ya kanpyo, timizere ta mphonda youma tophikidwa mu msuzi wa soya ndi shuga, imene nthawi zina amakupatsirani m'manja mwenimweni kuti muidye nori ikali kukhukhutika. Pambuyo pake pamabwera kambale ka msuzi wa miso ndi tamago, dzira lophikidwa pang'onopang'ono pa moto wochepa, m'nyumba za Edomae losakanizidwa ndi ebi kapena nsomba yoyera yopera, lofiirira pamwamba ndi lofewa ngati keke. Apa taisho adzafunsa ngati pali ina imene mukufuna kubwereza. Popeza zowonjezera zimalipiridwa padera, yang'anani kaye a pulofesa, ndipo akakulimbikitsani, tchulani imodzi imene yakukhalani m'maganizo. Zonse zimatha mu ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Tiyi wotsiriza akabwera musakhalitse ndi nkhani, chifukwa gulu lachiwiri likudikira ndipo thabwa lija liyenera kupukutidwa. Imirirani, muweramitse mutu pang'ono kwa taisho ndi anyamata ake, munene gochisosama deshita momveka, ndipo musadabwe ngati mmodzi wa iwo akuperekezani mpaka pa noren n'kuimabe pomwepo kufikira mutakhota pa ngodya.